Tinayeza Galimoto Tisanapite ku Wales

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Whitmore Reans, ku Mangalande, tilipo. Mashifiti ndi omwe aja, kusamala okalamba mpaka msana kuwawa. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi ku Nuneaton, ndipo amutcha dzina lanu. Achimwene ku Mponela akuti chimanga chachita bwino m'munda mwanu muja, koma mtedza wakanika.

Tsono imvani izi. Bambo a Chisomo anagula galimoto yakale yokhala ngati kanyumba, kuno amati motorhome. Muli mabedi, kakhitchini, thanki ya madzi, ngakhale chimbudzi. Ankafuna tipite ku Wales ndi ana, poti chibwerere kuno sitinapumepo.

Polongedza ndinali inu ndendende. Paja munkati, "Tenga zonse, sudziwa kuti ukapeza chiyani kumeneko." Ndinaika ufa, mapoto, mabulangete, njinga za ana n'kumangirira kumbuyo. Koma nditaima panja n'kuona matayala akumbuyo atafinyika ndi katundu, ndinakumbuka minibasi ija munakwera, Amayi. Amene anapulumuka anatiuza kuti munali matumba mpaka kudenga pamene tayala linkaphulika. Chichokereni inu, ndikakwera galimoto ndimangogwira mpando, khutu lili ku matayala.

Ndinakana kukwera. Chisomo anayamba kudandaula m'Chingerezi chake chija, koma bambo ake anamuletsa. Anangoti, "Amayi a Chisomo, tisamangoyerekeza ndi maso. Tikaiyeze."

Mawa lake tinapita kumalo ena ogula zitsulo zakutha, kumene kuli sikelo yoyezera malole. Pankafunika kuti tonse tikhalemo, katundu yense alimo, thanki itadzaza, kuti kulemera kwake kukhale komwe kuja kwa paulendo. Ndiye ndinakwera, iwo akuyendetsa pang'onopang'ono. Anayamba aimika matayala akutsogolo pasikelo, kenako akumbuyo. Kumbuyo kunapyola malire amene analemba pakachitsulo ka pachitseko. Tinabwerera kunyumba kukatsitsa njinga ndi mapoto ena, madzi tinachepetsa, n'kupita kukayezanso. Ulendo uno zinakwanira.

Atadziwa kulemera kwa kutsogolo ndi kumbuyo, anafufuza kuti opanga matayalawo amati katundu wotere amafuna mpweya wochuluka bwanji. Akumbuyo aja anapezeka kuti mpweya unali wochepa. Anawapopa m'mawa wa tsiku la ulendo, asanatenthe ndi msewu, ndipo geji yoyezera mpweya anandipatsa ineyo kuti ndiwerenge ndekha, tayala lililonse.

Ndili chigwadire pamenepo, misozi inangoyamba kutsika. Ntchito yake ndi yaing'ono chonchi, Amayi. Kaya wina akanaichita tsiku lija bwenzi mukunyamula mdzukulu wanu watsopanoyu, sindidziwa. Bambo a Chisomo sanandifulumizitse. Analowetsa ana m'galimoto, iwo n'kuima pambali panga mpaka nditadzuka ndekha.

Tinanyamuka. Poyamba ndinagwira mpando monga mwa masiku onse. Koma tisanalowe n'komwe mu Wales, tulo tinandiba. Ndinadzidzimuka galimoto itaima pakati pa mapiri, ana akuseka kuti ndimaliza mkonono. Aka n'koyamba kugona pamsewu chikuikireni m'manda.

Chaka chamawa tikubwera kudzamanga chiliza chanu, ndipo ana ndidzabwera nawo adzaone pamene munagona. Pochoka ku Lilongwe, minibasi ikadzadzaza mopyola ndidzatsika nawo, kondakitala anene zonena zake. Izi ndakulonjezani.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike