Dzina Lanu Pa Kanema

Mayi anga, kaya muli bwanji uko munapitako? Abusa amatiphunzitsa kuti muli m'tulo, simumva kanthu. Koma ine ndinazolowera kukuuzani nkhani ngakhale mukuwodzera pamphasa, ndiye ndilemba basi.

Kuno chiperoni chatigwira, zovala sizikuuma. Nandolo wa kumunda kwanu wachita bwino, koma nthochi za kumtsinje zinagwidwa ndi matenda, zambiri tinazula. Mlongo wanga Felesiya anachira bwino ku Makwasa, mwana wamwamuna. Mphuno ndi ya kwanu, kulira ndi kwa bambo ake. Denga la khitchini likudonthabe. Ndikudziwa, ndinalonjeza kalekale.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere si denga ayi.

Mukukumbukira mmene munkandikalipira m'Chilomwe ndikamwaza mawailesi akufa pakhonde panu? Munkati, "Zinyalala zakozi zidzakudyetsa?" Munatisiya kanema atangoyamba kumene m'dziko muno, choncho simunaone kuti zinyalala zija zinakula. Makanema a m'sitolo sakhalitsa kuno. Chinyontho chimalowa m'kati n'kudya bolodi ya mawaya, ndipo kumalayini a antchito a pa esiteti ya tiyi kulibe magetsi. Ine ndinayamba kugula zipangizo kwa anthu ochokera ku Joni, n'kumamanga kanema woyendera batire ya galimoto, bolodi yake yopaka vanishi kuti chinyontho chisaikhudze. Alamu anga a Dayisoni, amuna a Felesiya, amapala bokosi la mlombwa losalala ngati la m'nyumba ya bwana. Kanemayo ndi wodula, sitibisa. Koma akapitawo, makalaliki ndi manesi amadikira miyezi kuti apeze wawo.

Kutsogolo kwa kanema aliyense ndimakhomera kachitsulo kolembedwa dzina lanu. Dzanja likuchita manyazi kulilemba pano: Esinala. Muli moyo sindinalitchulepo ndi pakamwa panga, ndipo mpaka lero wogula akafika ndimangoti "kanema wa amayi". Koma anthu alibe nazo ntchito zimenezo. Pamsika ndimamva mwana wamamina akufuula kuti, "Kwathu tagula Esinala!" Mtima umanyada, kenako umawawa. Paja munkati walira mvula walira matope.

Matope ake afika mwezi watha. Kunabwera mkulu wina wa sitolo yaikulu ku Limbe, nsapato zake zosayenera njira zathu zino. Anayang'ana shedi yathu yogwiriramo ntchito, n'kuseka. "Achimwene, mukugona ndi chuma. Ndigulitseni dzinali, ine ndilifikitsa mpaka ku Karonga." Safuna manja anga, Amayi, safuna vanishi wanga. Akufuna kachitsulo kaja kuti azikamata pa makanema apulasitiki obwera pa sitima kuchokera kunja. Anatisiyira mmodzi woti tione, dzina lanu atalidinda kale ndi utoto wagolide, ngati tinavomera.

A Dayisoni maso ali pa Limbe. Mkuluyo anawalonjeza ntchito yopala mashelefu ndi nyumba yamagetsi ngati atandinyengerera. Dzulo akupala matabwa anandiuza mosabisa kuti, "Alamu, dzina sitidya. Ine ndatopa ndi ukamwini, kudzuka m'mawa uliwonse pa nthaka ya eni. Mukakana, ine ndipitabe, ndipo Felesiya ndimutenga. Tione ngati mawaya anuwo angaime opanda bokosi." Ndinapsa mtima, koma sananame. Ine sindidziwa ngakhale kunola mpeni wa puleni.

Nkhani itawafika amalume a Likaka, mlongo wanu, anabwera ndi ndodo yawo osaodira n'komwe. Anati, "Dzina la mlongo wanga si nkhuku yoti mukagulitse pa Limbe. Ndiponso si lako iwe, si la mkamwini. Ndi la mbumba." Ndinasangalala poganiza kuti ali mbali yanga, koma anapitiriza kuti mwini mawu ndi Felesiya, poti ndiye mwana wamkazi wotsala pamalo panu. Aitanitsa banja lonse Lamulungu likubwerali pansi pa mtengo wanu wa mapeyala uja. Tangoganizani, Amayi! Ine ndapsa zala ndi mtovu wolumikizira mawaya zaka zonsezi, lero ndikakhale pansi kudikira chigamulo cha mwana amene ndinkamubereka kumsana. Ndipo Felesiya akungoyamwitsa, maso pansi. Akasankha dzina ataya banja, akasankha banja ataya inu, ndipo ine ndilibe mtima womufunsa.

Sindibisa, nanenso mtima unagwedezeka. Ndani safuna kumva kuti ku Karonga, kumene inu simunapondeko, anthu akukutchulani? Ndinazungulirazungulira kanema wapulasitiki uja masiku angapo, ndikumuyatsa n'kumuzimitsa. Zithunzi zake n'zowala kuposa zanga, ndikuvomera. Lachisanu dzuwa lisanalowe, ndisanatseke shedi chifukwa cha Sabata, ndinamutsegula kumbuyo. Chikomekome cha mkuyu, Amayi! Bolodi yopyapyala, yopanda vanishi, pena payamba kale kuchita dzimbiri chikhalirecho sanathe mwezi kuno. Ameneyu sadutsa nyengo ziwiri za chiperoni. Akadzafa, wogula sadzatukwana mkulu wa ku Limbe, poti samudziwa. Adzamenya bokosi ndi chikhatho n'kutukwana dzina limene lalembedwapo. Adzakutukwanani anthu oti simunawalakwirepo, inu amene munathyola tiyi moyo wanu wonse osabisa tsamba lokhwima pansi pa dengu.

Ndiye Lamulungu ndinyamula kanemayo ali chitsegulire, ndikamuike pakati pa mbumba yanu. Felesiya ndikamuuza pamaso pa onse kuti atsatire mwamuna wake ndi mtima woyera, ine ndi amene ndakana, mlandu ukhale wanga. Ngati a Dayisoni apita, apite. Ndiphunzira kupala ndekha, mabokosi oyamba adzakhala opindika, anthu adzaseka, mwina ena adzasiya kugula. Ndikuopa, Amayi. Nyumba yanu ikhala zii popanda kulira kwa kamwana kaja.

Koma ndikulonjezani ichi: dzina lanu silikwera lole ya ku Limbe. Kanema aliyense amene adzalinyamule adzakhala atadutsa m'manja mwanga, ndipo tsiku limene manjawa adzatope, ndidzazula kachitsulo komaliza n'kudzakasiya pamanda panu.

Gonani bwino. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Fanuwelo