Mphanga Imene Amayi Amadutsamo

Achimwene Emlyn,

Kodi munayamba mwaimapo pakati pa mphanga ya Penrhiw n'kutambasula manja? Kayeseni mawa. Zala zikatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Ndiye mudzandiuze poti munthu angapatukire sitima ikubwera.

Moni. Muli bwanji, nanga bondo lija? Ine kuno ku Aberdeen ndili bwino, kungoti manja ang'ambika ndi madzi ozizira a kufakitale ya nsomba, ndipo mwininyumba sanakonzebe zenera.

Zoti gulu lanu la sitima ya malasha likufuna kutalikitsa njanji ndamva kwa msuweni wathu Delyth, osati kwa inu. Akuti pamsonkhano maganizo analipo awiri: kulambalala phiri motsata mtsinje, kapena kubwezeretsa njanji m'mphanga mpaka kutchalitchi chakale. Akuti ndinu amene munaimirira n'kunena kuti alendo amakonda mdima ndi utsi, anthu n'kukuomberani m'manja.

Sitimayo ine sindidana nayo. Ndikudziwa kuti Loweruka lililonse mumaswera kumeneko, muli bii ndi mwaye, popanda wokutumani. Koma chichotsereni njanji yakale, mphanga ija ndi njira ya Amayi. M'mawa uliwonse amadutsa momwemo popita kumanda a Bambo. Mukudziwa inu zimenezi, mumadya pakhomo pawo.

Kachipangizo ka m'khutu kowathandiza kumva kaja Amayi amakasiya pawindo, ati kamalira ngati ketulo kukachita mphepo. Lamlungu ndinawaimbira foni, ndinakuwa mpaka a nyumba inayo anagogoda khoma. Amayi kuseka. Ati ndine wamantha chibadwire, ndipo pa ukalamba wawo sangayambe kupempha njira kwa madoda osewera ndi zidole. Amayi anu amenewo.

Wapampando wanu, a Idwal, akuti adzaikapo geti ndi chikwangwani. Chikwangwani! Kwa munthu amene anadula waya wa eni munda ndi pulayala kuti galu wake azidutsa?

Ndili ndi mantha, achimwene. Ngakhale pantchito, mpeni uli m'manja, ndimangowaona ali pakati pa mphanga, jasi lobiriwira lija, maluwa kumanja, kuwala kukubwera kumsana kwawo iwo osatembenuka. Ndikayang'ana woyendetsa sitimayo, ndi inuyo. Dzana ndinadzicheka chala.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Rhian, kwa ana, ndi kwa azakhali a Menna. Amayi musawauze kuti ndalemba, angandinenenso kuti ndine kazitape.

Sindinapite patali ndi sukulu, choncho sinditha kuzungulira. Pamsonkhano ukubwerawu mukaimirirenso pamaso pa anthu omwewo, mukabweze mawu anu. Njanji idzere kumtsinje. Akakusekani, akusekeni, manyazi sapha munthu. Ndinu munapotoza nkhaniyi, ndinu mukaiwongole, chitsulo choyamba chisanagone pansi.

Ndine mlongo wanu,
Nesta