Kasupe Wathu Amutchinga ndi Waya

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno tilipo. Nyemba zachita bwino chaka chino, koma kachewere waola ndi mvula. Mng'ono wanga Rozina wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo ukali wake ndi wa mwini dzina.

Chandilembetsa ndi kasupe wathu wa madzi otentha. Apwitikizi amutchinga ndi waya, Amayi. Amanga nyumba yamalata yosambiramo azungu a ku Tete othawa kutentha, ndipo akuti pamera tauni. Ati madziwo anawatulukira ndi dotolo wawo. Kutulukira chiyani? Inu munkatisambitsa pamenepo tikagwidwa mphere, ife n'kumadandaula fungo la mazira oola, inu n'kumati, "Tseka mphuno, lowa." Dotoloyo anali kuti nthawi imeneyo?

Chondipweteka ndi Atate. Chitsekereni kasupeyo, nyamakazi yawamanga miyendo, moti ngakhale ku Misa analeka kupita. Ndinayesa kuwathowa ndi madzi ofunditsa pamoto, koma ayi ndithu. Ndiye Loweruka lapitali ndinawabereka kumsana dzuwa likuswa mtengo, n'kukankha chipata, n'kuwatsitsira m'madzimo azungu akuyang'ana pakhonde. Atate anatambasula miyendo, natseka maso. Sindinawafulumizitse.

Asipayo, apolisi a Apwitikizi, ananditengera kuboma ku Vila, kumene anandimenya m'zikhatho ndi thabwa la mbalamatodya mpaka manja kutupa ngati maungu. Mukaona zilembo zokhotakhota, chifukwa chake n'chimenecho.

Bambo a ana akuti tithawe, tidutse malire pa Kalomwe tikakhale ku Dedza monga achitira anzathu. Ndawakanira. Atate sangafike kumeneko, nanga inu mwagona pano ndikusiyireni ndani? Mantha ndili nawo, ndisakunamizeni, koma mkwiyo waposa.

Nditabwerako ku Vila ndinapeza Atate ataima pankhokwe, atayenda okha kuchokera pakhomo. Ndinalira ngati mwana, Amayi. Manjawa akangophwa ndiwaberekanso. Rozina ndi akazi ena a m'mudzi muno akuti tipitira limodzi, aliyense ndi nkhalamba yake kumsana. Omenyawo atopa okha mikono.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Ndikukulonjezani kuti tsiku limene Atate adzabwere kumeneko, sadzabwera chokwawa. Mudzawaona akubwera ndi miyendo yawo.

Ndine mwana wanu,
Marita