Chitseko cha a Pulofesa

Lachiwiri, 12 Malichi 2024

Ramazani yayamba ndipo ababa afunga. Ndalankhula mpaka kukhosi kuuma: munthu wobaya insulini m'mawa ndi madzulo ngati inu sangakhale tsiku lonse osadya. Yankho ndi lomwe lija: "A Pulofesa Jaffalie anali ndi shuga yemweyu, anafunga mpaka tsiku lawo." Ndiyankhe chiyani? Udokotala wangawu anandiphunzitsa ndi iwo, komanso ndi ababa anakulira limodzi ku madrasa.

Lachinayi, 14 Malichi

Tsiku lonse mu ofesi ya malemu Pulofesa, imene akuti tsopano ndi yanga. Ndikukonza zokalankhula ku msonkhano wowakumbukira ku Blantyre. Moyo wawo wonse unathera pa mahomoni ndi matenda a shuga. Kafukufuku wawo uja wa asodzi a ku Makanjira ofunga ali ndi shuga, madokotala a maiko akutali amamutchulabe akamalemba zawo. Analemba mosabisa kuti odwala ngati ababa asamafunge. Koma kuno anawerenga ndani? Anthu anangowaona ku mzikiti pa futari, akumasula kufunga ndi zipatso za tende pamodzi ndi anzawo, basi.

Chitseko ichi chikundisowetsa mtendere. Dzuwa likafika pamutu ankachikhoma ndi kiyi, ati akuswali, pemphero la masana. Lero chadzitseka chokha ndi mphepo. Ndinatembenuka kuti ndiwapatse moni.

Loweruka, 16 Malichi

Ababa akana kuyezedwa shuga masana. Ati dontho la magazi likatuluka pachala, swaumu, kufunga kwa tsikulo, yatha. A Shehe anawauza kale kuti si choncho, ndiponso kuti wodwala Mulungu anamuloleza. Iwo ati shehe wakeyo ndi mwana wa dzana. Ababa mutu wawo ndi mwala ndithu.

Lolemba, 18 Malichi

Ababa agwa kumsika. A Howard a kabaza ndi amene awabweretsa ku chipatala, thukuta lili kamukamu, akulankhula zosamveka. Shuga anatsikiratu. Gulukosi ndawabaya ndekha, m'khutu muli mawu a Pulofesa aja: "Fulumira Shamima, ubongo sudikira."

Atatsitsimuka, mawu oyamba: "Wandiwonongera tsiku."

Ndakalirira kuchimbudzi. Akadzagwanso ali okha kunyumba ndidzawapeza atauma. Ndikuchita mantha.

Lachiwiri, 19 Malichi

Afunganso.

Lachitatu, 20 Malichi

Ndinapita kwa mayi Hidaya, mkazi wa malemu, kukapempha chithunzi choti ndikaonetse ku msonkhano. Ndinangopezeka ndikukhuthula za ababa. Iwo anati, "Mwanangu, mu ofesi muja fungo la tiyi sunkalimva?"

Ndinkalimva. Tiyi wa jinja. Ndinkati ndi fungo lotsalira m'makapu.

Ati zaka zomaliza zonse a Pulofesa sanafunge. Mayiwo ndi amene ankawaikira fulasiki ndi chinangwa chophika pansi pa mabuku m'chikwama. Madzulo n'kumapita ku futari ngati wina aliyense. A Pulofesa ankaopa kuti anthu adzati sukulu yawadyera chipembedzo.

Ndakwiya naye munthu wakufa. Dziko lonse kuliuza zoona, mnzako wokhala naye mkeka umodzi n'kumubisira. Komanso ndawasowa kwambiri. Zonsezi mumtima umodzi.

Lachinayi, 21 Malichi

Jinja akununkhira mu ofesi tsiku lonse, chonsecho fulasiki mulibe. Ndatsegula mawindo, chitseko ndachitsamiritsa ndi mpando. Za ku Blantyre sindinalembe ngakhale mzere. Ndikawauza ndekha ababa adzati ndikunyoza malemu.

Lachisanu, 22 Malichi

Mayi Hidaya abwera okha, anthu atangotuluka ku mapemphero a Juma. M'manja fulasiki yomwe ija, yofiira, yosupuka penti. Anakhala ndi ababa pakhonde. Ine pakhomo la khitchini, khutu tcheru.

"A Zubair, ine ndatopa kumusungira mnzanu uja manyazi ake. Masana ankamwa m'menemu. Musamutsate kumanda chifukwa cha bodza lake."

Ababa anayang'ana fulasikiyo nthawi yaitali. Kenako anaseka, koma sikunali kuseka. "Jaffalie, Jaffalie. Nanga nkhope yowala ija pa futari, ife milomo itang'aluka."

Anandiitana n'kutambasula chala. Ndinabaya, ndinayeza. Shuga wotsika. Ndinangowaonetsa kamakina koyezerako.

Anthu ochokera ku mzikiti anali akudutsabe mumsewu. Ndinati tilowe m'nyumba akamwere tiyi kosaonekera.

"Ayi. Pompano."

Mayi Hidaya anathira tiyi, dzuwa likadali pamutu. A Amidu oyandikana nawo nyumba anaima pampanda n'kupereka salamu. Ababa anayankha mokweza, kapu ili m'manja, n'kumwa.