Chilembo cha A Chinathothoka

Amayi, kodi kumene muliko kukucha bwanji? Kuno ku Mbedza tilipo, koma ine mtima suli m'malo. Chimanga chaka chino sitinapate, mvula inadula chikungoyamba kumasula. Mpongozi wanu, mkazi wa a Yohane, wachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Ndinamunyamula, koma chimwemwe sichinandilowe chifukwa cha nkhani ndikuuzeniyi.

Makina anu otaipira aja, amene munatilera nawo pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, ndinapitiriza kugwira nawo ntchito inu mutatisiya. Obwera kudzataipitsa makalata atsala achikulire okhaokha, achinyamata amathamangira kumakompyuta ku Chirunga. Ndiye m'nyengo yozizira ija, chifunga chitaphimba phiri, chilembo cha A chinathothoka n'kugwera m'ngalande. Ndinapapasa m'matopemo mpaka dzuwa kupendeka, osachipeza.

Ndinasenza makinawo kupita kwa che Saidi, mkulu wokonza mawotchi uja. Anatulutsa zigoba za makina akale n'kuyamba kundionetsa.

"Mwanangu, makina amathera pamene chilankhulo chimapondaponda," anatero. "Awa anali a mzungu wa ku boma, ona E anatha. Awa a wansembe wa ku Ireland, polemba chakwawo anadya A ndi H. Ndinakonzapo a mphunzitsi wina wa ku chilumba cha Man, iyeyo ankamaliza Y. Nanga ife? Tawerenga wekha A m'dzina lakolo, Anastazia."

A wa makina a mzungu anali wabwinobwino, koma anakana kulowa m'makina anu. Che Saidi anapukusa mutu, nati ndiiwale.

Apa ndi pamene ndinalakwa, Amayi. Ndinaopa kuti anthu akamva kuti makina adwala sadzabweranso. Ndinayamba kutaipa ndikusiya mipata, kenako n'kumadzaza A aliyense ndi bolopeni yakuda. Tsamba limodzi linkandidyera ola lathunthu, koma ndinkadziyesa wochenjera. Inu munkanena kuti pepala silimva chisoni, ine n'kumaseka.

Mukuwakumbukira a Namakhwa a ku Malosa, amene ankakubweretserani nandolo? Amuna awo anatisiya chaka chatha, ndipo abale akuchimuna anafuna kulanda dimba limene awiriwo anagula. Anabwera kuti ndiwataipire kalata yodandaula, yofunika ifike ku ofesi Lachisanu lisanathe. Anafika Lachisanu lomwelo, atayenda wapansi theka la njira. Ndinataipa, n'kudzaza mipata nditabisa pepala pansi pa tebulo. Iwo sadziwa kuwerenga. Anathokoza ndi manja awiri.

Kalaliki wa ku ofesiko ataiona anati kalata yowonjezeredwa pamanja chonchi salandira, angadziwe bwanji amene waigwiragwira? Pamene a Namakhwa ankabwerera kudzandifuna, ine ndinali nditaweruka. Tsiku linadutsa, nkhani inagamulidwa mawu awo palibe. Dimba lapita, Amayi, ndi nthochi zake zomwe, ndipo pakhomo pawo pali adzukulu anayi.

Dzulo a Namakhwa anabwera. Ndinkafuna anditukwane, mwina ndikanapepukidwa. Iwo anangoika kalata ija patebulo, nati, "Mayi ako akanandiuza kuti makina adwala, ndikanapita kwina." Basi, ananyamuka.

Kuyambira pamenepo chakudya sichikutsika. Zaka zonse zija munakhala pakhondepo palibe anakulozani chala, ine chaka chimodzi chokha ndaipitsa dzina lanu. Makina ndawafunditsa chitenje chanu chobiriwira, ndipo pakhonde paja sindidzakhalaponso. Sindikudziwa kuti ndigwira ntchito yanji, ndipo kunena zoona sindikusamalanso.

Ndikulonjeza chimodzi chokha. Loweruka ndipita ku Malosa kukawapempha kuti azilima munda wanu wa patsinde pa phiri, wonsewo. A Yohane akana, ndikudziwa, koma ndipita ndithu. A Namakhwa akapanda kunditsegulira chitseko, ndikakhala pabwalo mpaka adzatuluke.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndakuchititsani manyazi,
Anastazia