Mtedza wa Pansi pa Mphasa

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Kuno tili bwino. Achemwali anga, a Esinati, ali ndi mwana wamkazi, anabadwa mu Malichi, chipumi chake ndi chanu chenicheni. Chigafa cha ababa chinagwa mbali imodzi ndi mvula, koma fodya wambiri tinamupulumutsa.

Pali nkhani imene ndakhala ndikuopa kukuuzani. Pamaliro anu, azakhali anapeza thumba la mtedza wanu wambewu, uja munachokera nawo kwa agogo ku Chamama. Anauswa wonse, n'kusinja kuti atendere ndiwo za anthu. Ine ndinaona, koma manyazi anga mukuwadziwa. Sindinatsegule pakamwa.

Anthu atabalalika ndinatukula mphasa kuti ndisese. Pansi pake panali njere zimene zinawapulumuka. Ndinagwada n'kutola imodziimodzi mpaka kapu yatiyi inadzaza. Paja kuchigayo ndinkabisala kumbuyo kwanu mukamatola chimanga chogwa, inu n'kumati, "Chagwa pansi sichinafe, chikudikira dzanja."

Masiku ena ndimachapa ku boma, kwa mayi wina wachikulire wa ku China amene mwana wake ali ndi sitolo. Tsiku lina ndinawaona akutola kanjere ka mpunga patebulo n'kudya, chonsecho matumba ali mbwee. Mwana wawo anandifotokozera kuti kwawo mwana saloledwa kusiya kanthu m'mbale, chifukwa alipo wina amene anapsa ndi dzuwa kuti chakudyacho chifike. Ndinatsiriza kuchapa ndikulira, Amayi. Ndinkayesa kuti kutola kwanu kuja unali umphawi chabe.

Njere za mtedza zija ndinabzala kumapeto kwa mizere ya fodya. Mu Januwale kunachita ng'amba, masamba n'kuyamba kufota. Ndinatenga kheni yothiririra ku nazale ya fodya, m'mawa ndi madzulo kukatunga kudambo. Anthu odutsa ankaseka, poti mtedza suthiriridwa. Ndinkangoyang'ana pansi, koma sindinaleke.

Sabata yatha ndakumba. Wakwana ndowa imodzi, wamaso akuluakulu ngati kale. Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Sindinadyepo ngakhale umodzi. Ndausokera m'thumba, ndalembapo ndi makala kuti MBEWU YA AMAYI.

Ndikukulonjezani kuti wina akadzaligwira thumbali, kaya ndi azakhali, ndidzayankhula mpaka ku msewu adzamve.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tamala