Matilesi mu thelera ya ku Liwonde

Achimwene a Chiukepo,

Kaya inu ku Balaka, ife kuno ku Nkhulambe tilipo. Loweruka ndikuperekeza ana asukulu yathu ku Liwonde kukaona njovu. Tabwereka lole yokoka thelera yaikulu. Apongozi anga atamva anati, "Mkamwini akaone nyama nandolo akuuma m'munda? Belita, upite naye, uzikamugwirira chikwama." Ndiye mkazi wanga akubwera, alongo ake awiri akubweranso. Pamudzi pano, ngakhale mbuzi yomwe ndinagula ndekha sindingaiphe osapempha.

Akuti kumeneko kuli mpanda wamagetsi kuti njovu zisatuluke. Ndikufuna ndikauone.

Mukandidikire pa geti la mpandawo, pobwerera ndikapita nanu ku Balaka. Mukaona matilesi anga pansi pa mabenchi a ana, musafunse pamaso pa Belita.

Ine mng'ono wanu,
Wanangwa